Nyumba Imene Amalume a Kalisto Sanamange

Munthu amene anandilakwira ndi amalume anga, a Kalisto Phiri, oumba njerwa, alongo awo a amayi. Sanandimenyepo, sananditukwanepo, ngakhale chakudya sanandimanepo. Mlandu wawo ndi woti analephera kusankha pokhala, pa Boma pano kapena kumudzi ku Chiparamba, ndipo kulephera kwawoko ndinakusenza ndine, zaka khumi ndi chimodzi, ndi miyendo yangayi.

Amwalira mwezi wathawu. Pamaliro anthu analankhula zabwino zambiri, ndipo zambiri mwa izo zinali zoona. Ine ndinaima kutsogolo monga mphwawo. Sindinalire. Ndinkangoyang'ana nyerere ikukwera phazi la akatekisiti, ndikudabwa kuti sakuimva bwanji.

Kuti nkhaniyi imveke ndiyambe ndi nyengo. Njerwa zimaumbidwa chilimwe, mvula ikangogwa ntchito yaima. Munda umalimidwa dzinja. Kumudzi tinali ndi munda wa mbumba yathu, wa dothi lofiira, kumtunda kwa dambo. Malo kumeneko anali atachepa, anthu atathinana, ndipo munda ukagona chaka chimodzi wosalimidwa unkapatsidwa kwa wina. Amayi anali amasiye, a chifuwa chosalimba, paokha sakanaumaliza. Amalume sankafuna kuti mundawo upite, poti ankati tsiku lina adzabwerera. Pa Boma napo sankafuna kuchokapo ngakhale mwezi umodzi, poti dzenje lawo lokumbamo dothi ndi malo a uvuni anthu ena ankaziyang'ana ndi diso la njala. Tsono anapeza nzeru. Iwo azikhala pa Boma, ine ndizikhala konsekonse. Mitambo ikayamba kusonkhana, ndinkapinda mphasa, khasu paphewa, ulendo wapansi wa tsiku lathunthu, kukagwira munda. Chimanga ndi nsawa zikalowa m'nkhokwe, uthenga unkafika ndi munthu aliyense wodutsa: mphwanga abwere, dothi lauma.

Amalume anali munthu wamfupi, wa zikhatho zotambalala zong'ambika ngati pansi pa dambo louma. Nsidze analibe. Zinapsa ndi moto wa uvuni ali mnyamata, sizinamerenso, kotero nkhope yawo inkaoneka ngati ya munthu wodabwa nthawi zonse. Sankakhulupirira njerwa poiona. Ankatenga ziwiri, kuzigundanitsa pafupi ndi khutu, n'kumvetsera. Ikalira bwino ankagwedeza mutu. Ikalira mogontha ankaiponya kumbali, ngakhale wogula ataimirira pomwepo akuti ndipatseni choncho. Ndipo pa uvuni uliwonse ankasankhapo zochepa za pakatikati, zofiira moderako, zimene moto unazikonda, n'kuzisanja kuseri kwa nyumba, n'kufunditsa udzu. Ankati izo n'za nyumba yawo. Muluwo unakula mpaka kupitirira mutu wanga. Munthu amene anaotcha njerwa za masitolo a amwenye, za mabalani a fodya a azungu, ngakhale za mpanda wa mzikiti, ankagona m'kanyumba kamitengo ndi matope kopendekera kuvuma, kochirikizidwa ndi phanda. Kumanga nyumba ya njerwa kukanatanthauza kuti asankha, ndipo anali asanasankhe.

Madzulo aliwonse tikaweruka ankadutsira kwa Che Amidu, Myao wa ku Nyasalande, telala wa pakhonde la sitolo. Awiriwa sankadyera mbale imodzi, koma ankamvana kuposa abale. Che Amidu sankadzutsa n'komwe mutu pamakina.

"A Phiri, lero tili pati? Tikupita kapena tikukhala?"

"Lero tikupita, Che Amidu. Mapiri awa atitsekera ngati mbatata mumphika. Munthu ukusamba, thukuta likutuluka madzi asanaume."

"Muyende bwino. Ndikusokereni thumba la ulendo?"

"Dikirani kaye. Nanga kumudzi nkhwangwa ikandidula chala, mankhwala akandipaka ndani?"

"Ndiye tikukhala."

"Sindinatero."

"Inu a Phiri, ng'ombe ikanakhala ndi nzeru zanu, bwenzi itafa ndi ludzu pakati pa zitsime ziwiri."

Amalume ankaseka mpaka kukhosomola. Tsiku lina anawabwezera funso, kuti nanga iwo kwawo ku Nyasalande adzapita liti. Che Amidu anaimitsa makina n'kunena kuti anaika mwana wawo m'nthaka ino, tsono kwawo ndi kuno, nkhani inathera pamenepo.

Sukulu ananditulutsa ndili m'kalasi yachitatu. Ndinkadziwa kale kuwerenga katekisimu ndi kulemba kalata, ndipo aphunzitsi anali atanena kuti andilembera ku misyoni kuti ndikapitirize. Amalume anabwera kumudzi atavala jekete yawo ya Lamulungu, anakhala pakhonde ndi amayi. Aphunzitsi atamva anabwera kudzadandaula. Amalume anawalandira ndi ulemu wonse, anawapatsa mpando, n'kuwauza kuti ndi chaka chimodzi chokha, angoona kaye mmene tauni iyendere, kenako mwana abwerera m'kalasi. Sanali kunama. Ichi ndiye chimandivuta pa munthu ameneyu, sananamepo. Chaka chilichonse ankakhulupirira ndi mtima wonse kuti chimenecho n'chomaliza.

Kuyeza kwawoko sikunali kwa chibwana ayi. Ankaidziwa tauniyi ngati mmene munthu amadziwira mkazi wake. Ankati pa Boma mmphawi safuna bulangete, ngakhale mwezi wa Juni ukhoza kugona ndi chitenje chimodzi, pamene ku Chiparamba chisanu cha m'dambo chimalowa m'mafupa. Akatero ankakumbukira kuti Okutobala akafika malata amalira okha masana, agalu amaleka kuuwa, ndipo mzere wa pachitsime umafika kumsewu, akazi akumenyana ndi zidebe. Chimene ankachikonda koposa n'chakuti pano palibe amene amasuzumira m'nkhokwe yako, palibe amafunsa kuti wakolola zambiri chonchi wachita mankhwala anji. Pano Mngoni wa ku Mtenguleni, Mchewa, Msenga ndi Myao amakhala mpanda umodzi, aliyense n'kumadya zake. Koma pomwepo ankatinso pano munthu ukhoza kugona masiku atatu osatsegula chitseko, woyamba kudziwa n'kukhala ntchentche. Nyama ya pabutchala ankaikonda. Chitupa choyendera, choonetsa wapolisi aliyense wofuna, chinkawanyansa. Pomaliza penipeni ankabwerera pa chinthu chimodzi: tauniyi ikukula. Kumene chaka chatha tinadula nkhuni zootchera, chaka chino pali zikhomo za oyeza malo. Ku Nabvutika kuno titabwera tinkamva afisi, lero tikumva ana. Ndipo chilichonse chokula chimafuna njerwa. Munthu ungachoke bwanji pamene mphika wayamba kumene kuwira? Koma ungakalambire bwanji pamalo pamene sungabzale ngakhale mtengo wa mango n'kunena kuti ndi wako?

Zonsezi ankazinena akuponda matope, ine ndikuthamanga ndi chikombole. Mafunsowo ankandifunsa ine, koma yankho sankalidikira.

Ine pakati apo ndinasanduka munthu wopanda kwawo. Kumudzi ankanditcha wa pa Boma, pa Boma ankanditcha wa kumudzi. Kuotcha uvuni sindinakuphunzire bwino chifukwa mauvuni omaliza, akuluakulu, ankaotchedwa ine nditapita kale kukasosa. Thonje sindinalimepo chifukwa limathyoledwa ine nditabwerera kale ku dothi. Mtima wanga ndi wapachala chibadwire, ndamenyapo anthu pa zifukwa zimene lero sindingazikumbuke. Koma pamaso pa amalume lilime langa linkalemera ngati chidina chonyowa, njerwa yosaotcha.

Ndinene chinanso, ndingaoneke ngati ndikubisa. Chaka chachinayi ndinadwala malungo aakulu, mkodzo mpaka kuda. Uvuni unali pamoto tsiku lachitatu, ndipo aliyense wodziwa ntchitoyi akudziwa kuti moto wa uvuni sausiya, ukazirala njerwa zonse zimatuluka zosapsa. Amalume anausiya. Anandibereka kumsana, mnyamata wamtali kuposa iwo, mapazi anga akukwekwereza pansi, kuwoloka mtsinje mpaka kuchipatala. Anakhala pakhonde la chipatalacho masiku asanu. Uvuni wonse unaonongeka, ntchito ya miyezi iwiri, ndipo za uvuniwo sanatchulepo mpaka imfa yawo. Chimene anatchula, kambirimbiri, n'chakuti ndikanadwalira kumudzi bwenzi nditafa. Inali mfundo ya tauni imeneyo. Kenako ankaonjezera okha kuti udzudzu umene unandilumawo unaswana m'maenje athu omwe a njerwa. Inali mfundo ya kumudzi. Ndinagona pamphasa ndikuwamva akuyeza matenda anga uku ndi uku.

Tsono panabwera nkhani ya Velonika. Anali wa mudzi woyandikana ndi wathu, ndinamuona koyamba akupalira nsawa m'malire mwa munda wathu. Nditamufunsira, anavomera. Koma amalume ake, amene anali ankhoswe, anandiitanira pansi pa nkhokwe.

"Mwana wanga, ulimi wako tauona, khasu umalidziwa. Koma mkamwini wa miyezi isanu sitimufuna. Mwana wathuyu akwatiwe ndi munthu, asakwatiwe ndi mvula."

Anandipatsa mpaka dzinja lotsatira. Ndinapita kwa amalume anga, ndipo kwa nthawi yoyamba ndinawapempha kanthu. Ndinati asankhe chimodzi. Asiye munda upite, andiphunzitse moto ndikhale wa pa Boma, kapena azimitse uvuni abwerere, ine ndikhale wa kumudzi. Chilichonse ndikanalandira. Anaganiza masabata awiri. Inali nthawi ya nkhondo yaikulu ya azungu ija, malole a asilikali akudutsa n'kumasiya fumbi losakhazikika tsiku lonse, ufa ukusowa pamsika. Lamulungu lina tikutuluka m'tchalitchi anandigwira mkono n'kunena kuti atopa, akubwerera kwawo.

Ndinathamangira kumudzi. Ndinalambula malo pansi pa mtengo wa msuku, ndinakumba maziko a zipinda ziwiri monga anandijambulira pansi ndi kamtengo, ndinadula mitengo ya denga. Ndinakauza ankhoswe. Amayi anafulula thobwa. Ndinabwerera pa Boma, tinapeza mwini ngolo wa ng'ombe zinayi, tinavundukula mulu uja. Njerwa iliyonse amalume ankailandira ndi manja awiri, n'kuigoneka pa udzu m'ngolomo ngati dzira. Che Amidu anabwera kudzaona ndi maso awo, anati sakhulupirira mpaka fumbi lathu litazimirira.

Tinanyamuka m'mamawa. Dzuwa likuyamba kuluma tinafika pachitunda pamene msewu umapita pakati pa mapiri, ndipo mwini ngolo anaimitsa ng'ombe kuti zipume. Amalume anatsika. Pamenepo pamaomba kamphepo kozizira kamene kumusi sikafika. Anatsegula malaya.

"Ukuimva mphepoyi, mphwanga? Zaka zonsezi ndakhala ndikupuma mpweya wa m'ng'anjo."

"Ndikuimva, amalume."

Kenako anatembenuka. Tauni yonse inali pansi pathu, malata akuphethira, utsi wa m'makomboni uli chigonere pamwamba pake. Analoza ndi chibwano kumene kunkaoneka mizere ya dothi lofiira longokumbidwa kumene.

"Apo akukumba apo, n'chiyani?"

"Akuti masitolo ena," anayankha mwini ngolo. "Mzere wonse."

"Njerwa zake aotcha ndani?"

Amalume anaima pamenepo nthawi yaitali, ng'ombe mpaka zinayamba kudya udzu wa m'mbali mwa msewu. Ankayang'ana kumusi, n'kuyang'ana kutsogolo, milomo ikuyenda popanda mawu. Ine ndinkaona zonse, ndinkadziwa chimene chikubwera, monga umadziwira kuti chidina chagwa chisanafike pansi.

"Bambo, dzuwa likupita," anatero mwini ngolo.

"Tembenuzani ng'ombe," anatero amalume.

Anabwera kwa ine, osandiyang'ana kumaso. "Chaka chamawa, mphwanga. Tione kaye nkhondoyi ithera pati. Maziko sathawa."

Mwini ngolo anaseka. Sanaseke mwachipongwe, anangoseka monga munthu aliyense akanasekera. Ndinamumenya chibakera chimodzi, dzino linagwera m'fumbi. Munthu wosalakwa, wa ana ake. Ndinagona masiku atatu m'chitokosi, amalume akundibweretsera chakudya m'mawa ndi madzulo, ndipo ndiwo anakapepesa kwa mwini ngoloyo mpaka nkhani inatha. Nditatuluka ndinapeza njerwa zili chitayikire pabwalo. Ndinazisanja ndekha pamalo pake, ndinafunditsa udzu watsopano. Mvula itayandikira ndinapinda mphasa monga mwa masiku onse.

Velonika anakwatiwa dzinja lomwelo ndi mnyamata wina wobwera kuchokera ku Halale. Munda wawo unali m'malire mwa wathu, tsono ndinkawaona awiriwo akupalira. Maziko aja anadzaza madzi, kenako mchenga. Ndinayendanso msewuwo zaka zina zinayi. Mukandifunsa chifukwa chake, ndilibe yankho labwino. Anali amalume anga, anandibereka kumsana, ndipo chaka chilichonse ankati n'chomaliza.

Dzulo ndinapita pamalo pawo. Mvula yoyamba yagwa kale kawiri. Kanyumba kaja phanda lake wina wazula, khoma lakuvuma lagona pansi, mkati mwamera bonongwe. Dzenje la dothi ladzaza madzi obiriwira, achule ayamba. Pamene panali uvuni womaliza patsala bwalo lakuda pomwe udzu sumera. Mulu wa njerwa ulipo, udzu wofunditsa wawola, abuluzi akuothera dzuwa pamwamba. Mbali imodzi yachepa, anthu oyandikana nawo akutengako ziwiriziwiri zopangira mafuwa, ndipo sindinawaletse. Pakati pa bwalo, pamene amalume ankakhala akamasenda chinangwa, pakhomedwa chikhomo choyera cha oyeza malo. Akuti padutsa msewu. Ndinaima pang'ono, thukuta likutsika kumsana, kenako ndinabwerera kuseri kwa sitolo kumene Che Amidu andipezera kachipinda. Amayi atumiza uthenga kawiri kuti anthu ayamba kubzala. Kachitatu sanatumize.

Chimene chinawatenga amalume ndi chifuwa, utsi wa zaka zonse zija. Anagona masabata atatu m'mwezi wotentha kwambiri, ine ndikuwapepeza ndi chivundikiro cha dengu. Tsiku lomaliza ansembe anali atabwera m'mawa kudzawadzoza. Masana kunafika munthu wa kumudzi ndi mawu a amayi, akuti zikavuta mtembo ubwere kwawo, ukagone pafupi ndi amayi awo owabala. Kunena kwina, ine ndi amuna ena atatu tiunyamule pamachila tsiku lathunthu, ndipo ndikafika ndipeze khasu likundidikira. Che Amidu anali atakhala pakhomo, kunja, monga ankachitira masiku onsewo. Ndinagwada pafupi ndi mphasa.

"Amalume, amayi akuti mukagone kumudzi. Inu mukuti bwanji?"

Anatsegula maso. Mawu ankatuluka pang'onopang'ono, koma mutu unali bwinobwino.

"Kumudzi n'kwabwino. Kuli mthunzi kumanda kuja, ndipo ndi pakati pa anthu anga." Anapuma. "Komatu mwezi uno, dzuwa limeneli, tsiku lonse pamsewu. Mudzavutika nane. Kuno tchalitchi chili pafupi, Misa ya akufa ansembe saiwala. Koma manda a kuno, mmene tauni ikukuliramu, ndani akudziwa kuti sadzamangapo sitolo pamwamba panga?" Anakhosomola nthawi yaitali. "Undifunse mawa, mphwanga. Tione kaye."

Kunja Che Amidu anatulutsa kampweya m'mphuno, sindikudziwa ngati kunali kuseka kapena kulira. Ine ndinkayembekeza kuti tsiku limeneli likadzafika ndidzakalipa mpaka denga kugwedezeka. Koma mawu anatuluka otsika, ozizira, ngati ndikuuza munthu njira ya kumsika. Ndinawayang'ana m'maso mwenimweni, pansi pa mphumi yopanda nsidze ija.

"Mawa kulibe, amalume. Zaka khumi ndi chimodzi inu mwakhala mukuyeza, woyenda ndine. Lero ndasankha ine. Mufera pano, ndikuikani pano. Munda aulime amene akuufuna. Msewu uja sindiuyendanso, kaya ndi khasu, kaya ndi mtembo wanu."